Galimoto Ikamakhala Pansi Kumbuyo: Kasinthidwe ka Mashoko Odzikweza Okha

Pali galimoto zakale zimene zikatha mashoko a kumbuyo sizingonjanja chabe, zimachita kukhala pansi. Mudzaiona Subaru Forester itaima pa Chitakale, mulibe munthu, mu buti muli tayala la sipeya lokha, koma kumbuyo kwatsika moti n'kuganiza kuti yanyamula simenti. Mwini wake amapita ku Limbe kukagula mashoko atsopano, makaniko n'kuwaika, galimoto n'kutuluka m'galaja ili chitsikire. Mkangano umayambira pamenepo. Wina akuti wa sitolo wagulitsa zabodza, wina akuti makaniko sadziwa ntchito. Nthawi zambiri onse awiriwo amakhala alibe mlandu. Galimotoyo inachoka ku fakitale ndi mashoko odzikweza okha, a self-levelling, ndipo mashoko amenewa amayenda ndi sipuling'i yakeyake. Mukaikapo shoko wamba n'kusiya sipuling'i yomweyo, kapena kusakaniza mitundu, ndalama zapita koma vuto likadalipo.

Mmene shoko imeneyi imagwirira ntchito

Shoko wamba sinyamula galimoto. Chonyamula ndi sipuling'i, shoko ntchito yake n'kuletsa kuti sipuling'iyo isamangonjanja mukadutsa pa hampu. Shoko yodzikweza imagwira ntchito ziwiri: imaletsa kunjanja, komanso imasenza gawo la kulemera kwa galimoto. M'kati mwake muli oyilo, gasi wa nayitirojeni wopanikizidwa kwambiri, ndi kapampu kakang'ono. Kapampuko sikafuna batire, sikafuna injini. Kamapopa ndi kukwera ndi kutsika kwa tayala pamsewu, monga mmene pampu ya njinga imadzazira chubu mukamaikankha ndi kuikoka. Galimoto ikalemedwa kumbuyo n'kutsika, bampu iliyonse imakankhira oyilo pang'ono ku chipinda cha mphamvu, ndipo kumbuyoko kumakwera pang'onopang'ono mpaka kufika pa msinkhu wake. Ikafika pamenepo, kabowo ka m'kati kamatseguka, oyilo n'kumabwerera, kukwera n'kuleka.

Mtundu wodziwika kwambiri wa mashoko otere ndi Nivomat, umene unayambitsidwa ndi kampani ya ku Germany yotchedwa Boge. Masiku ano umagulitsidwa ndi dzina la Sachs, lomwe lili pansi pa kampani ya ZF. Mudzaupeza pa ma Volvo ambiri akale a buti yaitali, monga 740, 940, 850 ndi V70. Ma Subaru Forester ena, kuyambira a SF a 1997 mpaka 2002 ndi a SG a 2002 mpaka 2008, nawonso anatuluka ndi mashoko a kumbuyo odzikweza. Sikuti ndi onse ayi, zimatengera giredi ya galimotoyo ndi msika umene inapangidwira. Ma Forester awiri a SG atha kuima pamodzi pa Luchenza, chaka chimodzi, utoto umodzi, koma kumbuyo kwake kuli zosiyana.

Popeza shokoyo imathandiza kusenza, opanga galimoto anaika sipuling'i yofewa kuposa ya galimoto ya mashoko wamba. Shoko ikataya oyilo kapena gasi, sipuling'i yofewayo imatsala yokha, ndiye kukhala pansi kuja. Mukaikapo shoko wamba yatsopano, kunjanja kutha, koma wosenza mnzake wa sipuling'i sanabwerere.

Yambani mwadziwa chimene muli nacho

Gwadani kumbuyo kwa tayala ndi tochi. Shoko yodzikweza ndi yonenepa kuposa shoko wamba, ndipo yambiri imakhala ndi labala wopindikapindika wophimba chitsulo chimene chimalowa ndi kutuluka. Pukutani matope ndi chisanza chonyowa muwerenge zolembedwa. Pena pamalembedwa Nivomat, pena self-levelling, ndipo pafupifupi nthawi zonse pamakhala chenjezo loti musaboole kapena kuika pamoto. Jambulani nambala ya pa shokoyo ndi foni. Jambulaninso nambala ya chasisi, ija ili mu bulubuku ndi pa kachitsulo ka pa galimoto. Manambala awiriwa ndiwo mudzayankhula nawo ndi wogulitsa, osati dzina la galimoto lokha.

Yang'ananinso ngati pali kapaipi kapena kawaya kolowa mu shoko. Ngati kalipo, imani kaye, imeneyo ndi nkhani ina. Ma Mercedes-Benz akale a buti yaitali, W123 ndi W124, amakwezedwa ndi oyilo wochokera ku pampu yoyendetsedwa ndi injini, ndipo mukamasula paipi mwachisawawa oyiloyo amatuluka ndi mphamvu. Ma Prado 120 ena ali ndi matumba a mpweya kumbuyo ndi kompuresa yake. Zimene zalembedwa apa ndi za shoko yoima payokha, yopanda paipi, yopanda waya.

Tsimikizani kuti yathadi

Njira ija yokankhira buti pansi ndi manja n'kuona ngati galimoto ikunjanja siikuuzani zonse pa mashoko awa. Muyezo wabwino umafuna tepi yoyezera, matumba atatu a chimanga a makilogalamu 50, ndi kamsewu ka fumbi.

Imikani galimoto pamalo osalala, ili yopanda katundu. Yezani kuchokera pakatikati pa wilo mpaka m'mphepete mwa madigadi, mbali zonse ziwiri, ndipo lembani. Timayezera pakati pa wilo, osati pansi, kuti mpweya wa m'tayala usatisokoneze. Kwezani matumba aja mu buti muyezenso. Itsika, zimenezo n'zoyenera. Tsopano yendani makilomita 2 kapena 3. Pa tara wosalala kapampu kamachedwa kupopa, ndiye lowani kamsewu ka m'minda ya tiyi kapena kolowera kumudzi, komwe matayala akugwira ntchito. Mukabwerera pamalo omwe aja yezani nthawi yomweyo musanatsitse kanthu. Shoko yamoyo imakhala itabweza galimoto kufupi ndi muyezo woyamba. Ngati yangokhala pomwe inatsikira, kapena mbali imodzi yakwera inzake ili chigonere, yatha.

Pa za oyilo musafulumire. Kachinyezi kochepa kamene fumbi lofiira lamatirirapo si umboni wa imfa. Koma ngati shoko yonse yanyowa mpaka kumunsi, kapena oyilo akudontha pa labala wophimba uja, palibe chokambirana. Zizindikiro zina mukuzidziwa kale: kugunda kwa "gu!" pa mahampu a pa Bvumbwe ngakhale mukuyenda pang'ono, ekizozi kukhula pansi potsika mu tara, matayala a kumbuyo kudyeka mbali ya m'kati, ndi a minibasi kukuthwanimirani malaiti usiku inu muli pa dimu, chifukwa kumbuyo kukatsika malaiti a kutsogolo amaloza m'mwamba.

Muli pompo onaninso sipuling'i ngati yathyoka kumapeto, ndi mabushi, malabala amene mabawuti amadutsamo, ngati ang'ambika. Sipuling'i yothyoka imatsitsa galimoto mofanana ndi shoko yakufa.

Zogula: apa ndi pamene ndalama zimatayika

Njira zoyenera zilipo ziwiri. Yoyamba n'kugula mashoko odzikweza atsopano a nambala yomweyo, n'kusiya masipuling'i anu ngati ali bwino. Mtengo wake umaposa wa shoko wamba kangapo, ndipo kawirikawiri mpofunika kuitanitsa kunja, ku Johannesburg kapena ku Japan, n'kudikira. Yachiwiri n'kusamukiratu ku mashoko wamba, koma pamodzi ndi masipuling'i a galimoto ya mtundu womwewo imene inatuluka ndi mashoko wamba.

Kwa munthu amene galimoto yake ndi ya zaka zoposa 15 ndipo imayenda misewu ya ku Thekerani kapena ya kuseri kwa phiri la Mulanje, ine ndimalimbikitsa njira yachiwiri. Mashoko wamba a makampani odziwika monga KYB, Monroe ndi Gabriel savuta kupeza, ndipo akadzatha mudzangosintha osadikira katundu wa kunja. Chimene mutaye ndi chakuti galimoto ikalemedwa izitsika pang'ono n'kukhala choncho mpaka mutatsitsa katundu, monga zimachitira galimoto zina zonse. Amene amakoka ngolo kapena kunyamula katundu tsiku ndi tsiku ndiwo ayenera kuganizira zolipira njira yoyamba.

Za kaunjika ndi izi. Shoko yodzikweza yochotsedwa pa galimoto yophwasula simungaiyeze ndi manja pa kauntala. Wogulitsa adzakuuzani kuti, "Bwana, taikankheni muone kulimba kwake, iyi ndi ex-Japan yeniyeni." Kulimbako ndi kwa gasi chabe, sikukuuzani ngati kapampu ka m'kati kakugwira. Ngati mwasankha zakale, bola mugule shoko wamba ndi sipuling'i yake zili zomangidwa kale, mbali zonse ziwiri zochokera pa galimoto imodzi, ndipo mugwirizane kuti mukhoza kubweza.

Mulimonsemo gulani awiri. Shoko yatsopano kumanja, yakufa kumanzere, galimoto imapendama ndipo pa makona a msewu wa Thyolo imakhota mosiyana mbali ndi mbali. Kuika yodzikweza mbali imodzi ndi wamba mbali inayo ndiye musayese n'komwe. Gulaninso timalabala toteteza fumbi ndi timalabala togundapo shoko ikafika pamapeto, chifukwa ta shoko yodzikweza sitimalowa nthawi zonse pa shoko wamba. Pitani ndi shoko yakale kusitolo ngati n'kotheka, muziike pamodzi pa kauntala muyerekeze maso a mabawuti, kutalika, ndi pogwira paipi ya buleki.

Nzeru za m'mbali mwa msewu, zopanikiza zidutswa za tayala pakati pa sipuling'i kapena kuika chitsulo pansi pake kuti galimoto ikwere, zimakongoletsa galimoto ikaima basi. Sipuling'i ikadali yofewa. Mukakweza anthu atatu kumbuyo ikagunda pansi pa bampu yoyamba.

Tsiku loti mawa mugwira ntchitoyi

Kuno chiperoni ndi mvula ya m'phiri sizisiya bawuti ili yoyera, ndipo galimoto imene yakhala ikuwoloka matope imakhala ndi manati omatirira ndi dzimbiri. Tsukani kunsi kwa galimoto, palani mazinga a mabawuti ndi bulashi ya waya, ndipo thirani WD-40 kapena dizilo madzulo kuti zigone zikulowerera. M'mawa thiraninso. Amakaniko ena amathira buleki fuluwidi, amamasuladi, koma amasupula penti ndipo si wabwino pa malabala ena.

Konzani jeke yolimba, masitandi awiri achitsulo, masipanala ndi masoketi kuyambira 12 mpaka 19, chogwirira chachitali kapena mpaipi woonjezera, nyundo, pulayala, choko, ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira nati, ngati mungabwereke. Ngati galimoto yanu ndi ya shoko yolowa m'kati mwa sipuling'i, monga Forester, mufunikanso zopanira sipuling'i ziwiri, zimene amakaniko amati spring compressor.

Malo akhale a simenti kapena dothi louma lolimba, osati potsetsereka, ndipo kuno kwathu mabwalo ambiri ndi otsetsereka, ndiye sankhani bwino. Pansi pa sitandi iliyonse ikani thabwa lokhuthala ngati muli pa dothi. Njerwa zootcha musaziyese sitandi, zimaphwanyika osachenjeza. Jeke ija inabwera ndi galimoto ndi yosinthira tayala, si yoti munthu alowetse mutu kunsi.

Kukweza galimoto

Ikani giya yoyamba, kapena P ngati ndi otomatiki. Phererani matayala onse a kutsogolo, kutsogolo ndi kumbuyo kwake, chifukwa handibuleki imagwira matayala a kumbuyo, omwe akhale m'mwamba. Galimoto isanakwere, yezani ndi kulemba kutalika kuja kwa pakati pa wilo mpaka madigadi, muzakufuna pomanga. Masulani manati a wilo pang'ono tayala likadali pansi. Jekani, ikani masitandi pamalo olimba a chasisi, tsitsirani galimoto pa masitandiwo, kenako igwedezeni ndi manja muone ngati yakhazikika. Tayala limene mwachotsa ligonekeni kunsi kwa galimoto, pansi pa chitseko. Gwirani mbali imodzi imodzi, kuti inayo muzionera mukaiwala mmene zinakhalira. Jambulaninso ndi foni musanamasule kalikonse.

Ngati shoko ili payokha, sipuling'i payokha

Umu ndi mmene ma Volvo ambiri aja alili, ndipo ntchito yake ndi yosavuta. Ikani jeke pansi pa mkono wogwira tayala, kapena pansi pa ekiselo, n'kukweza pang'ono kuti igwirizize. Musadumphe zimenezi. Pa galimoto zambiri shoko ndiyo imaletsa mkonowo kugwa mpaka pansi, ndipo mukaimasula popanda chogwiriziza mkono umagwa, paipi ya buleki n'kukokeka, sipuling'i n'kutha kuvuuka.

Masulani nati ya kumunsi. Bawuti ikakana kutuluka musayambe ndi nyundo. Shoko yodzikweza imakankha ndi mphamvu kufuna kutambasuka, ndiye bawutiyo yapanidwa. Seweretsani jeke, tsitsani pang'ono, kwezani pang'ono, mpaka mupeze pamene bawuti ikuzungulira momasuka ndi zala. Pamenepo imatuluka mosavuta. Ngati mpofunika kumenya, bwezeranipo nati kumapeto kuti musaphwanye mazinga.

Kumtunda, galimoto zina zili ndi bawuti kunsi komweko, zina mumaipeza mu buti mutanyamula kapeti kapena kuchotsa kachivundikiro ka pulasitiki. Ngati ndi nati yokhala pa nsonga ya shoko, nsongayo imazungulira limodzi ndi nati, ndiye igwireni ndi sipanala yaing'ono kapena Allen key pamalo pamene anakonzera. Sungani mawashala ndi malabala mu ndondomeko imene mwawachotsera. Kuwatunga pa kawaya kumathandiza.

Amene akusamukira ku mashoko wamba, nthawi yosintha sipuling'i ndi ino. Tsitsani jeke pang'onopang'ono maso ali pa paipi ya buleki ndi kawaya ka ABS, chida choletsa matayala kutsetsereka pomanga buleki. Zikayamba kukungika imani, muzimasule pa timbedza take. Sipuling'i ikamasuka mpaka kugwedezeka ndi dzanja, itulutseni. Ngati yatsalabe yopanidwa mkono utafika pamapeto, igwireni ndi zopanira, musaitokose ndi chitsulo. Yeretsani pokhalira pake, chifukwa pamaunjikana dothi lonyowa limene limadya chitsulo, ndipo ikani yatsopano nsonga yake itakhala pa kakhonde kake.

Ngati shoko ili m'kati mwa sipuling'i

Pa Forester SF ndi SG zonse zimatuluka pamodzi. Yambani mu buti: chotsani chivundikiro cha pamwamba pa shoko, mupeza manati atatu ang'onoang'ono ozungulira nati imodzi yaikulu ya pakati. Ya pakatiyo musaikhudze. Imeneyo ndiyo yagwira sipuling'i yopanidwa. Masulani awiri mwa atatu aja, yachitatu muisiye ili yogwira pang'ono kuti shoko isagwe.

Pitani kunsi. Paipi ya buleki imadutsa pa kachitsulo komatidwa pa shoko, yogwidwa ndi kakilipi. Sololani kakilipiko ndi pulayala. Pa galimoto zina kachitsuloko n'kotseguka ndipo paipi imangotuluka. Pa zina ndi bowo lotsekeka, ndiye paipi iyenera kumasulidwa, ndipo pamapeto mudzafunika kutulutsa mpweya m'mabuleki. Amakaniko ambiri amacheka kampata pa kachitsulo ka shoko yakale kuti apewe ntchito imeneyo. Zimatheka, bola sowo isakhudze paipi.

Kenako pali mabawuti awiri aakulu, a 19, ogwirizanitsa shoko ndi chitsulo chogwira wilo. Awa amamangidwa zolimba, pafupifupi 200 Nm pa muyezo wa torque wrench, ndiye mpaipi uja ugwira ntchito. Lembani ndi choko mmene zitsulo ziwirizo zakhalirana. Gwirizizani mkono ndi jeke, tulutsani mabawuti, ndipo chitsulo chogwira wilo musachilole kupendekera kunja n'kukoka shafuti. Chimangeni ndi waya. Tsopano wina agwire shoko kunsi, wina amasule nati yotsala ija mu buti. Ndi yolemera kuposa mmene imaonekera.

Ngati munagula zomangidwa kale, dumphani ndime ziwiri zotsatirazi. Ngati simunagwirepo zopanira sipuling'i, nyamulani shoko zonse ziwiri mupite nazo kwa makaniko amene ali nazo, ndi ntchito ya kanthawi kochepa ndipo salipiritsa zambiri. Sipuling'i yopanidwa ikapulumuka imathyola nsagwada. Njira ija yoti mnyamata aponde sipuling'i ndi phazi wina n'kumamasula nati, kapena yomanga ndi malamba a tayala, musailole pa galimoto yanu ngakhale wina anene kuti, "Achimwene musadandaule, timapanga daily."

Lembani ndi choko mzere kuchokera pa chipewa cha pamwamba, kutsika pa sipuling'i, mpaka pa shoko, kuti mudziwe mmene zinalozera. Kolekani zopanira ziwiri moyang'anana, mbali iyi ndi mbali iyo, zitagwira mizere yofanana ya sipuling'i. Pakani girizi pa mazinga ake. Mangani mosinthana, pang'ono uku, pang'ono uko, ndi dzanja, osati ndi mfuti ya mpweya. Goneketsani shoko chopingasa, nsonga zake zisaloze inu kapena munthu wina, ndipo ana amene abwera kudzaonerera apite kutali. Sipuling'i ikayamba kugwedera pa mpando wake, ndiye kuti nati ya pakati ilibenso katundu. Imasuleni mutagwira nsonga ya shoko. Musagwire chitsulo chonyezimira chija ndi pulayala pa shoko yatsopano, mukachikanda chimang'amba silo, kalabala kotsekera oyilo, ndipo oyilo amayamba kutuluka mwezi usanathe.

Ngati mukusintha sipuling'i, masulani zopanira pang'onopang'ono mpaka yakale itamasukiratu, kenako panani yatsopano. Ya mashoko wamba ndi yolimba, ifuna mphamvu zambiri. Valikani labala wogundapo ndi woteteza fumbi, khazikani sipuling'i nsonga yake ya kumunsi itafika pa kakhonde ka mpando, ikani chipewa motsata choko chija, mangani nati ya pakati yatsopano, kenako masulani zopanira mosinthana mukuyang'ana kuti sipuling'i yakhala bwino kumtunda ndi kumunsi. Chipewa chimene labala wake wang'ambika musachibwezere, chidzagogoda ndipo mudzaganiza kuti shoko yatsopano ndi yoipa.

Kubwezera

Shoko wamba yatsopano iimikeni chilili n'kuikankha ndi kuisiya itambasuke katatu kapena kanayi musanaiike, chifukwa yakhala chigonere m'katoni. Yodzikweza simungaikankhe ndi manja, ndipo musavutike nayo. Ikolekeni kumtunda kaye, manati osakhwimitsa, kenako gwiritsani jeke kukweza kapena kutsitsa mkono mpaka mabowo a kumunsi alingane. Sikuludiraiva yaikulu imathandiza kulondolera bowo. Pakani girizi pang'ono pa thunthu la bawuti pomwe limadutsa mu bushi, kuti amene adzamasule mtsogolo asadzavutike, koma osati pa mazinga.

Cholakwa chimene chimachitika kwambiri ndi kukhwimitsa bawuti yodutsa mu bushi ya labala tayala likulendewera. Galimoto ikatsika, labalayo amapotoka n'kukhala chipotokere, ndipo amang'ambika msanga. Kwezani mkono ndi jeke mpaka pakati pa wilo pafike pafupi ndi msinkhu umene galimoto imaimira, osalola kuti galimoto inyamuke pa sitandi, ndiye mukhwimitse. Apo ayi tsitsani galimoto pa matayala ake mumalizire pa dzenje la m'galaja. Manati atatu ang'onoang'ono a pamwamba pa Forester safuna mphamvu, ndi pafupifupi 20 Nm, ndipo amaduka msanga m'manja mwa munthu wokonda mpaipi. Manambala a galimoto yanu ali m'buku lake la amakaniko, ndipo ambiri mwa mabukuwa amapezeka pa intaneti.

Bwezerani paipi ya buleki ndi kakilipi kake, isapotoke, isakhudze sipuling'i kapena tayala. Bwezerani kawaya ka ABS. Ngati munamasula paipi, tulutsani mpweya m'mabuleki ndipo musanyamuke mpaka pedulo italimba. Valikani tayala, tsitsani galimoto, malizani manati a wilo modumphitsa. Kenako mbali inayo.

Mukamaliza

Amene aika mashoko odzikweza asadabwe galimoto ikaoneka yokwera kwambiri kapena yosalingana itangotsika pa jeke. Imakhazikika ikayenda. Bwerezani muyezo uja wa matumba atatu ndi tepi, ndipo ulendo uno muone kumbuyo kukubwerera m'malo mwake. Amene aika mashoko wamba ndi masipuling'i ake aone ngati mbali ziwirizo zikulingana, kusiyana kusapose sentimita imodzi. Poyesa tsegulani mawindo, zimitsani wailesi, yendani pang'onopang'ono pa mabampu. Kugogoda kulikonse nthawi zambiri ndi nati ya pamwamba yosakhwima, washala woikidwa chozondoka, kapena sipuling'i imene sinakhale pa kakhonde kake.

Pa Forester pitani mukapangitse alayinimenti, kuwongola matayala kuti aloze bwino, chifukwa mwamasula mabawuti ogwira wilo komanso msinkhu wa galimoto wasintha. Matayala ndi odula kuposa alayinimenti. Malaiti nawo muwaone. Ngati wina anawatsitsa pamene galimoto inali chikhalire pansi, tsopano aloza pafupi kwambiri. Imikani galimoto moyang'ana khoma madzulo muone pamene kuwala kukugwera, muwakonze musanapite ku COF, koyesa ngati galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu.

Mashoko atsopano saonjezera katundu amene galimoto ingasenze. Kulemera kololedwa pa ekiselo ya kumbuyo kunalembedwa pa kachitsulo ka pa galimoto kapena m'buku lake, ndipo sikusintha. Odzikweza amapusitsa, chifukwa galimoto imaoneka yowongoka ngakhale mwadzaza nanazi mpaka kudenga ndi matumba a ku Limbuli pamwamba, koma matayala, mabeya ndi mabuleki zikumva kulemera konseko.

Mashoko akale odzikweza amakhalabe ndi gasi wopanikizidwa ngakhale atatha. Musawaponye pa dzala pomwe zinyalala zimaotchedwa, musawapereke kwa ana, ndipo ngati mukugulitsa kwa ogula zitsulo kapena kwa owotcherera, auzeni kuti asawadule ndi gilainda kapena moto. Pakatha sabata, kapena mukapita ku Limbe n'kubwerako, gwadaninso ndi sipanala muone manati onse amene munamasula, a wilo omwe, ndipo pitsani chala pa shoko muone ngati pali oyilo.